Option ku Georgia Tech: mphunzitsi watsopano ndi osewera amene anawapeza mu 2008

Option ndi dzina la kaseweredwe kena ka mpira wa ku America, mpira uja wosongoka mbali zonse ziwiri umene osewera ake amavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza m'mapewa. Pa Chingerezi mawuwa amatanthauza kusankha. Wosewera amene wagwira mpira sauzidwiratu munthu amene athamange nawo. Amasankha yekha zinthu zitayamba kale kuyenda, poyang'ana zimene mdani mmodzi kapena awiri akuchita. Nkhaniyi ikufotokoza zimene zinachitika pa Georgia Institute of Technology, yunivesite ya mumzinda wa Atlanta imene anthu amangoitchula kuti Georgia Tech, pamene mphunzitsi Paul Johnson anabweretsa kaseweredwe kameneka mu 2008. Osewera amene anawapeza anali atasonkhanitsidwa ndi munthu wina kuti azisewera mpira wa mtundu wina. Ena anachoka, ena anasinthidwa malo, ndipo ena ochepa anapezeka kuti akuyenera bwino ntchito imene anali asanaigwirepo.

Malamulo ofunika kuwadziwa kaye

Monga pa mpira wa miyendo, timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Kufanana kumathera pomwepo. Kuchokera pamzere wa golo wina kufika pa winawo pali mayadi 100, amene ndi mamita pafupifupi 91. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, kupitirira pang'ono mamita 9. Ikakwanitsa imapatsidwanso mipata ina inayi, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufikitsa mpira kuseri kwa mzere wa golo kumatchedwa touchdown, ndipo kumapatsa mapointi 6. Kuumenya ndi phazi n'kuudutsitsa pakati pa mapolo kumapatsa mapointi 3.

Mpata uliwonse umatha m'masekondi ochepa chabe. Matimu amaima moyang'anizana. Wosewera wa pakati pa mzere, wotchedwa center, amapereka mpira kudzera pakati pa miyendo yake kwa quarterback, amene ndiye mtsogoleri wa gululo. Kuchokera pamenepo pali njira ziwiri zopitira patsogolo: kuthamanga ndi mpira m'manja, kapena kuuponyera kutsogolo kwa mnzako, zomwe zimaloledwa kamodzi kokha pa mpata uliwonse. Kuponyera chammbali kapena chakumbuyo kulibe malire. Wonyamula mpira akagwetsedwa, mpatawo watha. Kutchinga mdani ndi thupi n'kololedwa, ndipo imeneyi ndi ntchito ya amuna asanu akuluakulu a pamzere. Popeza osewera amasinthana mopanda malire, timu imakhala ndi magulu awiri osiyana, loukira ndi loteteza. Option ndi nkhani ya gulu loukira lokha.

Chinanso n'chakuti osewera a m'mayunivesite ndi ana asukulu, ndipo nthawi imeneyo aliyense ankaloledwa kusewera zaka zinayi. Mu 2008 timu yaikulu inkaloledwa kulipirira sukulu osewera osapitirira 85, ndipo pachaka inkatha kulemba atsopano 25 okha. Wosewera wosamukira ku yunivesite ina yaikulu ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, pokhapokha atamaliza kale digiri yake. Mphunzitsi wa mu Moçambola akafika pa timu angathe kupempha akuluakulu kuti amugulire osewera amene akuwafuna. Wa pa yunivesite ya ku America analibe mwayi umenewo. Fodya wake anali uyo ali pamphuno.

Johnson ndi amene anamulowa m'malo

Chan Gailey anaphunzitsa Georgia Tech zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira 2002. Anali ataphunzitsapo Dallas Cowboys mu ligi ya akatswiri ya NFL, ndipo mpira wake unali wa komweko: quarterback amabwerera m'mbuyo masitepe angapo, amaima kuseri kwa mpanda wa amuna olemera, n'kuponya mpira kutsogolo. Timu yake sinali yoipa, koma inagonja kwa mdani wake wamkulu, University of Georgia, chaka chilichonse chimene iye analipo. Anachotsedwa mu November 2007, ndipo Johnson analembedwa ntchito mu December.

Johnson anabadwa mu 1957 ku North Carolina ndipo iye mwini sanasewerepo mpira pa yunivesite. Kaseweredwe kake anakakonza pang'onopang'ono ali wothandizira ku Georgia Southern, ku Hawaii ndi ku Navy, sukulu ya asilikali a pamadzi. Atakhala mphunzitsi wamkulu ku Georgia Southern kuyambira 1997 mpaka 2001 anapambana masewero 62, kugonja 10, n'kutenga zikho ziwiri za dziko lonse za gawo lachiwiri, mu 1999 ndi 2000. Ku Navy chaka chake choyamba, 2002, chinali chowawa, pakuti anapambana masewero awiri okha n'kugonja 10. Zaka ziwiri zitadutsa manambalawo anatembenuka, 10 kupambana, awiri kugonja. Mu 2007 Navy inagonjetsa Notre Dame 46 kwa 44, itagonja kwa timuyi maulendo 43 otsatizana.

Maganizo a option si a Johnson yekha. Don Faurot anawayambitsa ku Missouri mu 1941, ndipo mu 1968 Emory Bellard anakonza mtundu wotchedwa wishbone ku Texas, umene unalamulira mpira wa m'mayunivesite kwa zaka zambiri. Koma pofika 2008 matimu akuluakulu anali atausiya. Unatsalira makamaka m'masukulu a asilikali, amene sangalembe anyamata olemera mopitirira muyeso, ndiponso omaliza maphunziro awo amayenera kukagwira usilikali m'malo mopita ku NFL. Funso la anthu ambiri linali lakuti kodi njira ya matimu osowa ingagwire ntchito mu Atlantic Coast Conference, kapena kuti ACC, ligi imene munali Miami, Florida State, Clemson ndi Virginia Tech.

Mmene option imayendera

Maimidwe a Johnson amatchedwa flexbone. Amuna asanu a pamzere amaima motalikirana, kusiya mpata wa pafupifupi mita imodzi pakati pa wina ndi mnzake, kuti adani nawonso amwazikane. Quarterback amaima chogundana ndi center. Kumbuyo kwake, masitepe ochepa chabe, kumakhala wothamanga wamphamvu wotchedwa B-back, atawerama dzanja limodzi lili pansi. Kumapeto onse awiri a mzere, chakumbuyo pang'ono, kumaima othamanga awiri aliwiro otchedwa ma A-back. Kutali, chakumphepete kwa bwalo, kumakhala olandira mpira awiri, ma wide receiver.

Chinsinsi chake n'chakuti adani awiri a mbali imene mpira ukupita amasiyidwa dala osatchingidwa. Mpira usanayambe, A-back wa mbali inayo amanyamuka kuzungulira kumbuyo. Quarterback akalandira mpira amauika pamimba pa B-back amene akudutsa mwaliwiro, koma osausiya, maso ake ali pa mdani woyamba wosatchingidwa uja. Mdaniyo akaima kapena akalowera kunja, quarterback amasiya mpira, B-back n'kupyoza nawo pakati. Akalumphira B-back, quarterback amausolola n'kuthamanga nawo motsata mzere. Apo maso amapita pa mdani wachiwiri. Ameneyo akathamangira A-back amene akubwera chakumbuyo, quarterback amakhota n'kulowa yekha. Akabwera kudzagwetsa quarterback, mpira umaponyedwa chammbali kwa A-back, amene tsopano kutsogolo kwake kulibe munthu. Njira zitatu pa mpata umodzi, n'chifukwa chake anthu amati triple option. Zonsezi zimachitika pa masekondi awiri kapena atatu.

Ndi nkhani ya kuwerenga, monga bawo. Pa mpira wa mtundu wa Gailey, quarterback akapereka mpira kwa wothamanga amangoima n'kumaonerera, ndiye kuti otchinga 9 ayenera kulimbana ndi oteteza 11. Pa option quarterback nayenso ndi wothamanga, ndipo adani awiri amachotsedwa pa masamu popanda wowakhudza, chifukwa chilichonse chimene angasankhe chimakhala cholakwika. Otchinga amene akanalimbana nawo amapita kukathandiza kwina. Johnson ankayang'ana mmene adani akuyankhira n'kusintha amene atchinge ndani. Sankanyamula pepala la njira ngati anzake. Ankanong'oneza wosewera mmodzi pambali pa bwalo n'kumutuma kukauza quarterback. Ndiponso sankakonda kuti kaseweredwe konse kazitchedwa triple option, popeza imeneyi inali njira imodzi mwa zingapo zochokera m'maimidwe omwewo.

Mtengo wake ndi wakuti malo aliwonse amafuna thupi ndi mtima wa mtundu wake, wosiyana ndi umene Gailey ankasaka polemba osewera.

Amene anachoka

Taylor Bennett ndiye anali quarterback woyamba mu 2007. Anali woponya, wosati wothamanga, ndipo anasamukira ku Louisiana Tech. Colin Peek ankasewera malo otchedwa tight end, a munthu wamtali amene amatchinga komanso kulandira mpira chapafupi. Pa flexbone malo amenewa kulibe n'komwe. Peek anapita ku Alabama, anakhala chaka osasewera monga lamulo linkanenera, ndipo mu 2009 anali m'timu imene inatenga chikho cha dziko lonse. Onse awiri anawerenga bwino zinthu: kukhalabe kukanakhala kutaya zaka zimene sizibwerera.

Josh Nesbitt, quarterback

Malo amene option imaimirapo kapena kugwerapo ndi a quarterback, ndipo apa Johnson anachita mwayi. Gulu limene Gailey analemba mu 2007 linali labwino kwambiri, ndipo m'gululo munali Josh Nesbitt wa ku Greensboro, m'chigawo cha Georgia. Chaka chake choyamba ankalowa mwa apo ndi apo, makamaka kuti athamange ndi mpira. Anali wolemera makilogalamu pafupifupi 97, wa miyendo yamphamvu, wosaopa kugundidwa.

Kusaopa kumeneku si nkhani yaing'ono. Quarterback wa option amagundidwa pafupifupi mpata uliwonse, kaya mpira ali nawo kaya waupereka, chifukwa adani amaphunzitsidwa kumugwetsa nthawi zonse kuti atope ndi kuyamba kuponya msanga. Woponya msanga amapatsa mdani wachiwiri uja nthawi yotembenuka n'kugwira A-back. Wabwino amadikira mpaka mdaniyo atafika pamphuno. Nesbitt ankadikira.

Zimene analibe ndi chizolowezi. Ku sekondale ankalandira mpira ataima patali ndi center, ndipo kuika mpira pamimba pa mnzake n'kuusololanso kunali kwachilendo. Malo okumanirana manja amenewa ndi pamene mpira umapulumuka kawirikawiri, wina akuganiza kuti wapatsidwa pamene winayo akukoka. M'chaka cha 2008 mpira unagwa pansi kambirimbiri, ndipo masewero ena anatayika motero. Kuponya kwake kutsogolo sikunali kolunjika: ngakhale mu 2009, chaka chake chabwino koposa, mipira imene inafika m'manja mwa anzake sinakwane theka la imene anaponya. Pa timu ya Gailey zimenezi zikanamukhazika pabenchi. Pa timu ya Johnson chaka chomwecho anathamanga mayadi opitirira 1,000 n'kulowetsa ma touchdown 18 ndi miyendo yake.

Kufunika kwa munthu woyenera pamalowa kunaoneka poyera pa 11 October 2008. Nesbitt ndi wachiwiri wake, Jaybo Shaw, onse anali ovulala, ndipo anayamba masewero anali Calvin Booker, woponya wamtali wa mtundu wakale uja. Adani anali Gardner-Webb, timu yaing'ono ya gawo lachiwiri imene inayenera kugonja mosavuta. Georgia Tech inapulumukira pa kamphuno, 10 kwa 7, ndipo chinaipulumutsa ndi gulu loteteza, limene linatchinga mpira womenyedwa ku mapolo kumapeto kwenikweni. Osewera ena onse anali omwewo. Anasintha ndi munthu mmodzi.

Othamanga

Jonathan Dwyer, wa m'gulu lomwelo la 2007, anali wachiwiri kwa Tashard Choice m'chaka chomaliza cha Gailey. Anazolowera kuima chilili mayadi 7 kumbuyo kwa mzere, kulandira mpira, kuona pamene pang'ambika, kenako n'kusankha polowera. B-back alibe nthawi imeneyo. Amayamba atawerama, pafupi ndi mzere, ndipo njira yake ndi imodzi yowongoka. Amathamanga ndi mphamvu zonse asakudziwa ngati mpira ausiyidwa m'manja mwake kapena ayi, ndipo nthawi zambiri amagwetsedwa alibe kanthu. Ndi ntchito ya ng'ombe ya pangolo, ndipo ambiri ankaona ngati kuika mnyamata waluso pamenepo n'kumuwononga.

Zinachitika ndi zosiyana. Ku Navy malo amenewa ankakhala a anthu olimba koma osathamanga kwambiri, amene akapyoza mzere ankagwidwa atayenda mayadi 10 kapena 15. Dwyer anali wolemera makilogalamu opitirira 100 koma waliwiro, ndipo akangodutsa mzere woyamba kumbuyo kunalibe womupeza, popeza oteteza ena anali atathamangira kunja kukadikira quarterback ndi A-back. Mu 2008 anathamanga mayadi 1,395 n'kusankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mu ACC. Mu 2009 anabwereza nambala yomweyo ndendende, 1,395.

Malo a A-back ndi amene timu inalibe anthu okwanira, chifukwa Gailey sankalemba osewera ang'onoang'ono aliwiro ambiri chotero. A-back amagwira mpira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa masewero onse. Nthawi yotsalayo amatchinga: mpira ukamapita mbali yake, ntchito yake ndi kuthamangira woteteza wa kunja n'kumugwera m'miyendo. Roddy Jones, wamfupi ndi waliwiro, anali katswiri wothamanga ku sekondale ndipo anayenera kuvomera kugawana mpira ndi anzake. Mbali inayo anaikako Lucas Cox, munthu wolemera amene thupi lake silinali la malowo, koma ankatchinga bwino. Anthony Allen, amene anasamuka ku Louisville n'kukhala 2008 osasewera, anadzaza malowa mu 2009, ndipo Dwyer atapita ku NFL iye analowa pa B-back n'kuthamanga mayadi opitirira 1,300 mu 2010.

Demaryius Thomas

Munthu amene aliyense ankayembekezera kuti achoka anali Demaryius Thomas, wide receiver wamtali mamita 1.91, wochokera ku Montrose, Georgia. Ntchito ya wolandira mpira imayezedwa ndi mipira imene wagwira, ndipo timu ya Johnson inkaponya kutsogolo maulendo 12 kapena 13 pa masewero, pamene matimu ena ankaponya 30 kapena kupitirira. Thomas anakhalabe.

Nthawi zambiri ankatchinga, ndipo ndi thupi lakelo ankakankha oteteza ang'onoang'ono a kumphepete mpaka kunja kwa bwalo. Koma option ili ndi mphatso imene imasungira wolandira mpira wopirira. Adani akatopa ndi kuthamangidwa, amakokera anthu awo a kumbuyo pafupi ndi mzere, ndipo wide receiver amatsala ndi munthu mmodzi yekha. Apo quarterback amanamizira option, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuponya kutali. Pa masewero a Duke mu October 2008 Thomas anagwira mipira 9 ya mayadi 230. Mu 2009 anagwira mipira 46 yokha, koma ya mayadi 1,154, kutanthauza mayadi 25 pa mpira uliwonse. Mu 2010 Denver Broncos inamusankha pa nambala 22, woyamba mwa ma wide receiver onse a chaka chimenecho, ndipo pambuyo pake anatenga nayo chikho cha Super Bowl. Anamwalira mu December 2021 ali ndi zaka 33.

Amuna a pamzere

Apa ndi pamene osewera ndi kaseweredwe zinasemphana kwambiri, ngakhale oonerera sapenya kwenikweni malo amenewa. Wa pamzere wa Gailey ankaphunzitsidwa kubwerera m'mbuyo, chifuwa chili m'mwamba, manja ali kutsogolo, kuti akhale khoma. Kulemera kunali chuma. Wa Johnson amawerama kwambiri, kulemera kwake kuli pa dzanja la pansi, ndipo mpira ukangosuntha amafwamphuka kupita kutsogolo. Kawirikawiri amalambalala mdani amene ali pamaso pake, poti ameneyo ndi wosiyidwa dala uja, n'kuthamangira wina wa mzere wachiwiri amene ndi wopepuka ndi wachangu kumuposa. Akamupeza amamugwera m'ntchafu. Kutchinga kwa m'miyendo kumeneku kunali kololedwa nthawi imeneyo, ngakhale matimu ena ankadana nako poopa mawondo a osewera awo.

Munthu wa makilogalamu 140 sangachite zimenezi maulendo 60 pa tsiku limodzi. Ena anauzidwa kuti achepetse thupi. Andrew Gardner, amene anali kale mmodzi wa abwino koposa mu ACC, anatha kusintha chifukwa anali wamtali koma wachangu, mpaka phewa linamuchotsa m'bwalo chaka chisanathe. Austin Barrick anali tight end ngati Peek, koma m'malo mochoka anavomera kulowa pamzere, kumene anali wopepuka kwambiri poyerekeza ndi anzake a matimu ena.

Nkhani ya Sean Bedford ndi imene imaonetsa bwino mmene Johnson ankayang'anira anthu. Bedford anabwera pa Georgia Tech kudzaphunzira uinjiniya wa ndege, ndipo analowa m'timu yekha popanda kulipiriridwa sukulu. Anali wa gulu loteteza, mmodzi wa aja amene ntchito yawo ndi kuyerekeza adani pokonzekera masewero. Pa malo amenewo anali wamng'ono. Johnson anaona changu chake ndi kuuma mtima kwake n'kumusamutsira pa center. Mu 2009 Bedford anayamba kusewera m'gulu loyamba, ndipo chaka chimenecho ndi chotsatira anasankhidwa kukhala center wabwino koposa mu ACC. Mu 2010 anakhala munthu woyamba kulandira Burlsworth Trophy, mphotho ya wosewera amene anayamba wosalipiriridwa.

Zotsatira zake

Olemba nkhani za masewero sanayembekezere zambiri m'chaka choyamba, pokumbukira mmene zinayambira ku Navy. Miyezi yoyamba timu inanyamulidwa ndi gulu loteteza limene Gailey anasiya, la Michael Johnson, Derrick Morgan ndi Morgan Burnett, amene kusintha konseku sikunawakhudze. Gulu loukira linagwira moto mu November. Florida State inagonja 31 kwa 28, koyamba kugonja kwa Georgia Tech chiyambire 1975. Miami inagonja 41 kwa 23, itathamangidwa mayadi 472.

Pa 29 November anapita ku Athens kukakumana ndi Georgia, imene inali itawagonjetsa zaka 7 zotsatizana ndipo quarterback wake, Matthew Stafford, anadzasankhidwa woyamba pa onse mu NFL chaka chotsatira. Popita kokapuma Georgia inkatsogola 28 kwa 12. Pobwera, Dwyer anathamanga mayadi 60 pa mpata woyamba, ndipo Georgia Tech inapeza mapointi 26 motsatizana. Roddy Jones anagwira mpira maulendo 13 n'kuthamanga mayadi 214. Masewero anatha 45 kwa 42. Stafford anaponya mayadi opitirira 400 n'kugonja, pamene mpira wa Nesbitt woponyedwa kutsogolo unagwidwa kamodzi kokha tsiku lonse.

Chaka chinatha ndi kupambana 9, kugonja 4. Kusiyana kwake ndi 2 ndi 10 wa ku Navy sikunachokere kwa mphunzitsi, pakuti anali yemweyo ndi njira zomwezo. Ku Atlanta anapeza quarterback wolimba, B-back waliwiro ndi wide receiver wamkulu atakhala kale m'chipinda chovalira. Mu 2009 anyamata omwewa anapambana masewero 11, kuphatikizapo omaliza a ACC pamene anagonjetsa Clemson 39 kwa 34. Chikho chimenecho bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite la NCAA linachifafaniza mu 2011, pa mlandu wokhudza mphatso zimene wosewera analandira ndi mmene sukulu inayendetsera kafukufuku wake.

Malire anaonekanso. Zaka zonse ziwiri zinatha ndi kugonja pa masewero otsekera chaka, 38 kwa 3 kwa LSU pa 31 December 2008, ndi 24 kwa 14 kwa Iowa mu January 2010. Ambiri ananena kuti option imagwira ntchito chifukwa adani amakhala ndi sabata imodzi yokha yokonzekera chinthu chimene sakumana nacho kawirikawiri, ndipo akapatsidwa mwezi amaithetsa. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma siikwanira. LSU ndi Iowa zinali ndi amuna a pamzere amene ankagonjetsa owatchinga paokhapaokha, ndipo masamu a option amafa ngati mdani amene anayenera kutchingidwa wafika pa quarterback asanasankhe. Pamzere ndi pomwe timu inali yosakwanira kuyambira pachiyambi. Mu 2014, ndi osewera amene Johnson analemba yekha, monga quarterback Justin Thomas ndi Shaq Mason wa pamzere, Georgia Tech inagonjetsa Mississippi State 49 kwa 34 mu Orange Bowl, adaniwo atakhala ndi milungu ingapo yokonzekera.

Ulendo wobwerera

Johnson anapuma ntchito kumapeto kwa 2018, ataphunzitsa timuyi zaka 11. Malamulo anali atayamba kale kufinya kutchinga kwa m'miyendo chaka chomwecho, ndipo mu 2022 anakuletsa pafupifupi paliponse kupatula pafupi ndi pakati pa mzere, zomwe zinalanda ma A-back ndi ma wide receiver chida chawo chachikulu.

Wolowa m'malo mwake, Geoff Collins, anabwezeretsa mpira woponya, ndipo anakumana ndi vuto la 2008 litatembenuka. Anapeza othamanga ambirimbiri, amuna a pamzere opepuka amene sanaphunzirepo kubwerera m'mbuyo kukhala khoma, ma quarterback olembedwa chifukwa cha miyendo yawo, ndipo tight end analibe ndi mmodzi yemwe, mpaka anachita kuitana Tyler Davis kuchokera ku Connecticut. Mwayi umene Johnson anaupeza, wa anthu atatu oyenera pa malo atatu ofunika, iye sanaupeze. Mu 2019 timu inapambana masewero atatu n'kugonja 9. Kumodzi mwa kugonjako kunali pakhomo, pa 14 September, 27 kwa 24, kwa The Citadel, sukulu yaing'ono ya asilikali ya gawo lachiwiri imene inkasewera triple option. Collins anachotsedwa mu September 2022 atapambana masewero 10 ndi kugonja 28.